A Nthunzi ndi Makina Awo a Khofi

Mumsewu wonsewo palibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Aliyense ankangoti a Nthunzi, ndipo eni akewo ankavomera mokweza mapewa, poganiza kuti ndi ulemu. Ulemu wake uti? Dzinalo anawapatsa ndi amayi ogulitsa makala pakona, chifukwa cha makina a khofi amene ankafwenthera m'khitchini mwawo m'mawa uliwonse, komanso chifukwa cha munthuyo: kutentha kwambiri, phokoso lambiri, koma ukati ugwire, m'manja mulibe kanthu.

Akazi awo, mayi wosoka madiresi amene anapirira nawo kuyambira ali mtsikana, ndiwo ankaidziwa mbiri yonse. Bambowa anakalambira mosungira katundu mwa kampani ina ya matayala. Ntchito yawo inali kuwerenga matayala olowa ndi otuluka, basi. Atatsala pang'ono kupuma, bwana wawo anadwala, ndiye posowa womutuma anatuma iwo kumsonkhano wa kuhotela. Kumeneko anawapatsa kakapu kakang'ono, muli khofi wakuda bii, wowawa ngati mankhwala a malungo. Munthu wanzeru akanalavula mwaulemu n'kupempha tiyi. Iwo anabwera kunyumba atabadwa mwatsopano.

"Mayi, zomwe takhala tikumwa zaka zonsezi ndi madzi otsukira mbale," anatero asanavule n'komwe nsapato. "Khofi weniweni dzina lake ndi esipuleso."

Kuyambira tsiku limenelo ogulitsa m'masitolo anaona zakuda. A Nthunzi ankalowa, kutsegulitsa makatoni, kugogoda zitsulo ndi chala, kufunsa mafunso amene mayankho ake anali atawaloweza kale pafoni, n'kutuluka osagula. Chigayo cha khofi chokha chinawatengera nyengo yonse ya mvula. Ati cha mipeni n'cha anthu wamba, chimadula njere mosalingana, zina ufa zina miyala. Chofunika n'cha mano, chopera njere iliyonse mofanana. Munthu amene posankha sukulu ya mwana wake anangoloza yapafupi, pa chigayo anasala tulo.

Makinawo atafika analanda khitchini. Soketi yabwino inali imodzi yokha, ndiye ketulo ya mayi inathamangitsidwa n'kukakhala pamwamba pa kabati. Pambali pa makina anaikapo kasikelo koyezera njere, kachitsulo kotsindirira khofi, kaburashi, ndi tinsalu take tomwe munthu wina akapukutira manja inali milandu. Loweruka lililonse bambowa ankamasula chigayo, kusesa dzino lililonse ndi kaburashi, kupemerera, kuyang'ana padzuwa. Madzi asayandikire, ati dzimbiri. Mayi ankangoyang'ana ali pamakina awo osokera, mtima ukuwira. Mwamuna ameneyu sanatsukepo mbale chikwatirane, sanachapepo ngakhale sokosi yake, koma lero anali kugwadira chitsulo atavala epuloni.

Nanga khofiyo ankamukonda? Bodza. Pakakhala alendo ankapsontha pang'ono, kutsinzina, n'kuyamba kulalika za fungo la zipatso limene munthu wina aliyense sankalimva. Alendo akachoka, mayi ankawapeza akuthiramo shuga supuni zodzaza, nkhope itakwinyika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa malamulo onse a m'nyumbamo, lalikulu linali la kapaipi. Pambali pa makinawo panali kapaipi kopindika kotulutsa nthunzi, kotenthetsera mkaka kuti uchite thovu. Kunsonga kwake kunali timabowo tating'ono kwambiri. Ukatha kutenthetsa mkaka, unkayenera kupukuta kapaipiko nthawi yomweyo n'kutsegulanso nthunzi pang'ono kuti mkaka wotsalira utuluke, apo ayi umauma m'kati n'kutseka timabowoto. A Nthunzi ankalibwereza lamuloli kwa aliyense, ngakhale kwa wowerenga mita ya madzi, ngakhale kuti kupatula iwo palibe amene ankaloledwa kukhudza makinawo.

Ndiye tsiku lina masana, mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anatulukira pageti ndi chikwama chimodzi, khanda kumsana, diso lamanzere litatupa mpaka kutsekeka. Mayi sanafunse. Mkamwini wawoyo ankamudziwa, ndipo aka sikanali koyamba kuti amenye, kungoti kanali koyamba kuti mwanayo alimbe mtima n'kuthawa. Anamulandira khandalo, kumukhazika pansi mwana wawo, n'kumuuza kuti, "Pano ndi kwanu. Kumene kuja usadzapondekonso."

A Nthunzi anayang'ana disolo, n'kukhosomola. "Za m'banja n'zovuta," anatero. Kenaka anafunsa ngati khandalo limadzidzimuka ndi phokoso, chifukwa iwo m'mawa amagaya khofi.

Linkadzidzimuka. Chigayo chikangolira, khanda nalo linkayamba. Mayi anapempha kuti azigayiratu madzulo. Bambo anaseka ngati amva zamisala, ati khofi wogona wogaya ndi utuchi. Mayi ankadziwa kuti mwana wawo wakhala m'nyumbamo ngati mlendo, akuyenda monyang'ama, akupepesa pa chilichonse, ndipo foni yake inkangolira, mwamuna uja akulonjeza kumwamba ndi pansi. Chimene mayi ankaopa chinali chimodzi: kuti tsiku lina mwanayu adzaona kuti kwa makolo ake n'kopanikiza kuposa kwa womumenya, n'kubwerera. Choncho ankaphimba chilichonse, kuseka posafunika kuseka, kutengera khanda kuseri kwa nyumba nthawi ya chigayo.

Tsiku latsokalo mayi anali atapita kukapereka diresi kwa kasitomala, bambo ali kokagula njere. Chifukwa cha nkhawa, mkaka wa m'mawere unali utachepa, ndiye khanda linkamwa wa m'botolo. Linadzuka ndi njala, likulira mpaka kutha mpweya. Gasi anali atatha, ketulo ili pamwamba pa kabati, koma makina anali chiyakire, poti a Nthunzi ankati chitsulo chiyenera kukhala chofunda nthawi zonse. Mtsikanayo anathira mkaka m'kapu, kulowetsa kapaipi, kutsegula nthunzi. Mkaka unafunda, khanda linayamwa n'kugona. Za kupukuta ndi kutsegulanso nthunzi, ndani akanazikumbukira ali ndi mwana wolira pamkono?

M'mawa mwake a Nthunzi anapotoza kotsegulira nthunzi, kapaipi kanangoti fyee, n'kukhala chete. Anawerama, n'kuona nkhanambo ya mkaka itauma kunsonga. Anamasula nsongayo, kuiika pa sosala, n'kupita nayo patebulo pamene mayi ndi mwana ankamwa tiyi.

"Ndani wakhudza makina anga?"

"Ndine, abambo," mayi anafulumira kuyankha. "Ndimapukuta fumbi."

"Fumbi lake la mkaka? Musandipusitse, mayi."

"Ndi ine, adadi," anatero mwanayo motsitsa mawu. "Mwana amalira, gasi anatha. Pepani."

Pepani ameneyo akanakwanira kwa munthu. Koma a Nthunzi anali atapeza guwa. Anafotokoza za timabowo, za mkaka wouma, za kumene nsonga yoteroyo imachokera, kutali, kosapezeka msanga. Mayi anawaponda phazi pansi pa tebulo, iwo anangosuntha mwendo. Ndipo poti pakamwa pakatseguka sipadziwa malire, anamaliza ndi mawu awa: "Chinthu ukachipeza m'nyumba ya eni, umafunsa kaye. Ukakhala wosamva chonchi, nanga mwamuna wako tizimunena chiyani?"

Mwanayo sanalire. Anaika kapu pansi bwinobwino, kupukuta pakamwa pa khanda, n'kulowa kuchipinda. Mayi anamutsatira, anapeza akupinda matewera.

"Mwanawe, bambo ako ukuwadziwa. Pakamwa pokha paja, mumtima mulibe kanthu."

"N'zoona, amayi. Mulibe kanthu."

"Ndiye ukupita kuti? Akakupha munthu uja."

"Kuja akandimenya amapepesa," anatero akutseka zipi. "Wanena kuti wasintha."

Mayi anagwada, anagwira chikwamacho, analonjeza kuti akabwereka chipinda kwa mng'ono wawo, kuti agulitsa makina osokera apeze kanyumba. Mwanayo anawamasula zala chimodzichimodzi, mofatsa, n'kuimbira takisi. Mayi anathamangira kukhitchini. Anapeza amuna awo ataweramira sosala, magalasi ali pamphuno, akuyesa kutokosa timabowo ndi kamtengo ka machesi.

"Abambo, mwana akupita. Akubwerera kwa chilombo chija. Tulukani mukamuletse, ndakugwirani mwendo."

"Kamtengoka n'konenepa," anayankha osadzutsa mutu.

Takisi inafika. Woyendetsa anaika chikwama kumbuyo. Mtsikanayo anaima pageti, khanda lili pachifuwa, diso lija litayamba kuphwa koma lidakali lakuda. Sanalowe msanga. Ankayang'ana kukhomo, ndipo mayi anaona kuti mwana wawo akudikira, kuti mawu amodzi okha a bambo ake akanatsitsa chikwama chija.

Chitseko chinatseguka. A Nthunzi anatuluka mothamanga, epuloni ili pamimba, akukweza dzanja kuti takisi isanyamuke. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri mayi anawaona amuna awo ngati munthu, ndipo anawakhululukira zonse pomwepo, ketulo, chigayo, shuga wobisa, zonse.

Bambowo anafika akupuma wefuwefu, n'kuyang'ana khandalo.

"Iwe, usanapite," anatero. "Phini ya thewerayo, tandibwereka. Nsonga yake ikuoneka yowonda bwino, ikhoza kulowa."

Ngakhale woyendetsa takisi anayang'ana kumbali. Mtsikanayo anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenaka anatsegula kansalu ka mwana, kumasula phini, kuitseka kuti isawabaye, n'kuwaika m'dzanja. Thewera analigwira ndi chikhatho kuti lisagwe, n'kulowa m'galimoto.

Mayi anatsala pageti mpaka takisi inakhota pakona ya amayi a makala. Sanathe kulira, chifukwa chomwe chinadzaza pachifuwa pawo sichinali chisoni koma kunyansidwa, ndi mwamunayo, ndi iwo eni amene anamuphikira ndi kumuchapira moyo wawo wonse. Ali chiimire, m'khitchini munamveka nthunzi ikufwenthera mwamphamvu, kenaka mawu a amuna awo, osangalala ngati a mwana.

"Mayi, katseguka. Nonse awiri bwerani mudzaone."