Dengu la Lines

Estele wathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa esiteti ina kuseri kwa Chitakale, pomwe mayi ake ankathyolanso. Ndi mkazi wosakhazikika. Ngakhale m'tchalitchi zala zake zimangotsinatsina chitenje ngati pamera masamba. Pakamwa ndiye sasunga kanthu, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene panamupalamulitsa.

Chaka chatha kunabwera Danieli, wojambula mafilimu wa ku Blantyre. Ankafuna woti anene za kapitawo wina amene ankauza akazi kuti wofuna kulembedwanso ntchito dzinja likafika ayambe wadzera kunyumba kwake. Akazi ena onse anakana. Estele anavomera Danieli atalumbira kuti kompyuta yake imachotsa nkhope ya munthu n'kuikapo ina, ya munthu woti sanabadwepo, n'kusinthanso mawu omwe. Anamujambula Lamlungu m'munda atabereka dengu. Lake linali litaduka lamba, ndiye anabwereka la mnzake Lines, mayi wa ana anayi, dengu lomangidwa ndi nsanza yofiira.

Filimu itafika m'mafoni, Estele sanadzizindikire, anaseka mpaka misozi. Koma Danieli, ndi sukulu yake yonseyo, sankadziwa kuti kapitawo sayang'ana nkhope za anthu. Tsiku lonse amaima kumbuyo kwa othyola. Amadziwa misana ndi madengu.

Mvula itayamba, tsiku lolemba anthu, dzina la Estele linaitanidwa. La Lines silinamveke.

Mtendere unamuthawa Estele. Anaimbira Danieli katatu. Iye anapepesa, nati nsanzayo atha kuifufuta mufilimumo tsiku lomwelo. Estele anangodula foni. Kufufuta chiyani anthu ataona kale? Akaweruka ankazungulira msika osagula kanthu, akamuona Lines patali n'kukhotera njira ina. Lines ankadziwa bwino amene anabwereka dengulo, koma sanamutchule kwa aliyense, ndipo n'zimene zinkamupweteka Estele koposa.

Lachiwiri lina m'mawa, anthu ali pamzere, Lines ali chiimire kunja kwa geti pamodzi ndi ena osalembedwa, Estele anatula dengu lake pamapazi a kapitawo uja.

"Bambo, zaka zonsezi mwandidziwira kumsana," anatero. "Lero ndiyang'aneni kumaso. Wa mufilimu uja ndine."