Zithunzi Zomwe Zinapsa pa Zenera

Loweruka lapitali kuno ku Hamilton chipale chofewa chinali chitayamba kusungunuka. Madzi ankangodontha kuchokera padenga, mabasi akuwaza matope m'mphepete mwa msewu, ndipo chakumunsi kunyanja kunkamveka kugunda kwa zitsulo m'mafakitale. Dzuwa linawala kwambiri koma losatentha. Ndikulikumbukira bwino dzuwalo.

Amayi awiri a mumpingo mwathu, momwe ndine mkulu wa mpingo, anabwera kudzalongedza zovala za malemu mkazi wanga, Felista. Mwambo mukuudziwa: zovala za malemu sizikhalitsa m'nyumba, zimapita kwa abale ake kuti akagawane. Kwathu ku Dedza ntchitoyi akanagwira ndi achemwali ake. Kuno achemwali ako ndi amene umapemphera nawo. Mayi Nkhoma, namwino, anachokera ku Oshawa pa sitima. Mayi Tembo a ku Chipata, amene amasamalira okalamba ku Oakville, anafika atangoweruka, yunifomu ili m'thupi.

"Abambo, inu tulukani," anatero Mayi Nkhoma. "Mukakhala pano muzitilanda chitenje chilichonse."

"Ba elder, yendani mukagule buledi," anawonjezera Mayi Tembo. "Manje manje tizasiliza. Koma osati buledi uja wouma monga njerwa."

Ndinamvera, ndinatuluka.

Pobwerera ndinapeza makatoni ali omanga, chipinda chikununkhira sopo. Patebulo pafupi ndi zenera panali kamera yanga yakale, imene inkakhala m'dirowa ya Felista pansi pa mipango yake. Inkanyezimira. Kumbuyo kwake kunali kotsegula, ndipo pambali pake filimu inali itadzipinda ngati khungwa la nthochi.

"Tayikilina bwinobwino, kunja ndi m'kati momwe," anatero Mayi Nkhoma mokondwa. "Tinapezamo kafilimu. Taunika pa zenera kuti tione ngati muli zithunzi, koma mulibe kanthu. Kotuwa kokhakokha."

Owerenga amene munakula ndi foni m'manja, lekani ndikufotokozereni. Filimu isanatsukidwe siionana ndi kuwala. Zithunzi zimakhalamo ndithu, koma maso sangazione mpaka munthu wodziwa ataitsuka ndi mankhwala mumdima. Ikangoona dzuwa isanafike pamenepo, zonse zapsa. Amayiwa ankakumbukira timafilimu timene wojambula ankatipatsa mu envulopu kwathu, tija tinkaunika kumwamba n'kumaseka nkhope zathu zili zoyera, mano akuda. Sanadziwe kuti tija tinali totsuka kale.

Ndinakhala pampando, buledi ali m'manja.

Kamerayi ndi ya kampani ina ya ku Japan. Dzina sinditchula, pano sindikutsatsa malonda, koma dzinalo landitsata moyo wanga wonse. Ndinayamba kuliona ndili mnyamata pa chipatala china cha mishoni, pamene ndinkagwira ntchito yoyeza magazi. Linalembedwa pa maikulosikopu, makina aja oonera tizilombo ta malungo. Namwino wina wophunzira ankabweretsa magazi oti ndiyeze, ndipo ankabwera pafupipafupi kuposa mmene odwala ankachulukira. Ameneyo anali Felista.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti kampaniyo inayambira pomwepo, pa makina oonera zinthu zazing'ono, zaka zoposa zana zapitazo. Makamera anabwera m'mbuyo. Anthu amene anadziwa kupera galasi loonera kachilombo anaona kuti luso lomwelo lingagwire nkhope ya munthu. Anadzapanganso magalasi oonera kutali ndi timakina tojambulira mawu. Ine kamera yangayi ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito m'sitolo ina ku Limbe, titatsala pang'ono kukwatirana. Ndi yachitsulo, yaing'ono, yopukusa ndi chala. Inajambula ukwati wathu, ubatizo wa ana, ndi tsiku limene Felista anaona chipale koyamba n'kukana kutuluka m'galimoto.

Kachitatu ndinaliona dzinalo kuno, m'chipinda cha madokotala. Felista anali atayamba kulephera kumeza. Anamulowetsa kachubu kukhosi, kokhala ndi diso kunsonga, koonera m'mimba. Ndili chiimire pambali, maso anga anagwera pa makinawo. Dzina lomwe lija. Galasi limene linationetsa malungo a anthu ena, limene linasunga chisangalalo chathu, tsopano linali kutionetsa chimene chidzamutenge. Sindinakwiyire makinawo. Anaona zoona, ndipo anatipatsa nthawi yokonzeka.

Filimu ija ndinaiika m'chilimwe chake chomaliza. Felista anali ndi kamunda ka bonongwe ndi nkhwani kuseri kwa nyumba. Ndinamujambula atavala chipewa changa, akundikalipira kuti ndikuponda mbewu. Ndinamujambula atakhala pa ndowa, akupuma. Kenako analanda kamera n'kundijambula inenso.

"Musakatsukitse nokha," anatero. "Ndikachira tikapitire limodzi."

Sanachire. Ndipo ine ndinkati ndikafuna kupita nayo, ndinkaibwezera m'dirowa. Malinga ngati filimuyo inali m'kamera, panali ulendo umodzi umene ine ndi iye tinali tisanayende.

Mayi Tembo ndi amene anayamba kuzindikira. Anayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ana filimu ija.

"Ba elder, munali chani umu?"

Ndinawauza. Mayi Nkhoma anagwira pakamwa, n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, msana atatsamira katoni. Felista anali mnzawo wa m'kwaya. Ndi iwo amene ankamusambitsa masabata omaliza, atachokera ku ntchito yawo yosambitsa ena.

Lolemba ndinapita nayobe filimuyo, pamodzi ndi kamera, kwa mkulu wina amene amakonza makamera akale m'tauni muno. Anaitsuka pofuna kungondisangalatsa. Inatuluka yakuda kuyambira uku mpaka uko. Anatembenuza kamera ija m'manja mwake, n'kundiuza kuti kampaniyo inasiya kupanga makamera, nthambiyo inagulitsidwa kwa ena, iwo anatsala ndi zipangizo za m'chipatala. Ndinabwerera pa basi ndikuganiza kuti ngakhale amene anaipanga anapitirira ndi moyo.

Tsono nkhani yanga sabata ino nayi, abale anga. Ife pa maliro ndife anthu abwino. Palibe amene angatitsutse. Timakwera sitima m'nyengo yozizira, timaphika, timachapa, timakolopa mpaka pansi pa bedi. Ambiri mwa ife kuno ntchito yathu ndi yosamalira anthu, ndipo manja athu anazolowera kuti chilichonse chimene chili pafupi ndi wodwala chiyenera kupukutidwa.

Koma kodi timafunsa?

Timalowa m'nyumba ya namfedwa, timamutulutsa mwachikondi, n'kuyamba kusankha chosunga ndi chotaya. Kapu yong'aluka ija, mukudziwa amene ankamwera? Juzi yosachapa ili kuseri kwa chitseko, mukudziwa chifukwa chake sinachapidwe? Kwathu olongedza ankakhala anthu amene anakula ndi malemu, odziwa mbiri ya chinthu chilichonse. Kuno mwambo tinabwera nawo, koma anthu aja tinawasiya. Chotsala n'chakuti tizifunsa. Ndipo ifenso oferedwa tizitsegula pakamwa, pakuti mlendo sangalote zimene zili pansi pa mipango.

Sindikunama, mtima unawawa. Masiku angapo ndinkati ndikagwada kupemphera, pa mawu aja akuti monga ifenso tikhululukira, ndinkalekera pomwepo. Foni inkalira, dzina la Mayi Nkhoma likuoneka, ine n'kungoiyang'ana. Lachitatu ndinamva kuti sanapite kokonzekera nyimbo, ndipo auza anzawo kuti kwaya aisiya, sangathe kuimirira kutsogolo ine ndili pa benchi. Apo ndinaona kuti zimene zikupsa si zithunzi zokha.

Ndinakhala pansi n'kuyesa kukumbukira chimene chinali pa filimu ija. Chipewa ndikuchiona. Ndowa ndikuiona. Mawu akuti mukuponda bonongwe wanga ndikuwamva. Dzuwa la pa zenera silinafike kumeneko. Tsiku lina ukalamba udzazifufuta, ndikudziwa, ndipo adzukulu anga sadzamuona ali m'munda muja. Chimenecho chatayika, sindikuchichepetsa. Koma manja amene anakoka filimuyo ndi omwe ankamutembenuza Felista pa bedi.

Lachinayi ndinakwera sitima kupita ku Oshawa, kamera ili m'thumba la jekete, filimu yatsopano ili m'kati. Ndinawapeza onse awiri kwa Mayi Nkhoma. Atatsegula chitseko, Mayi Nkhoma anayamba kugwada.

"Dzukani, mayi," ndinatero. "Mawondo amenewo ndi a Mulungu. Taimani apo pali kuwala, nonse awiri."

"Ba elder, na maso otupa aya?" anatero Mayi Tembo.

"Ndi omwewo. Koma ulendo uno, kumbuyo kwa kamerayi musakhudzeko."

Anaseka akulira, ndipo ndinawajambula ali choncho. Lamlungu lino Mayi Nkhoma aimba.

Ndinawakhululukira.