Msana wa Errol

Anthu a mumzinda wa Geelong amamudziwa Errol Dimech ndi kumsana kuposa kumaso. Sindikuseka ayi. Zaka zonse zimene tinkaimba m'gulu lathu la Grey Wharf, iye ankaimba gitala ya besi atafulatira anthu, maso ali pa ine. Ine ndine Glenys, wa ng'oma, ndipo nkhope yakeyo ndinkaiona ndekha kumbuyo kwa siteji.

Chamba chathu, chija amati post-punk, chinali cha anthu okwiya. Tinkadana ndi zodzionetsera. Kupereka moni ayi, kuthokoza ayi, kumwetulira ndiye mlandu weniweni. Tikamaliza nyimbo yotsiriza tinkatulukira khomo lakuseri, anthu n'kumaomba m'manja pa siteji popanda munthu. Errol ndiye anapyola muyeso ndi kufulatira kwakeko, ndipo achinyamata ankamutama kuti ndi munthu wosaopa aliyense. Bodza lenileni. Tsiku loyamba kuimba m'bala ina ya pafupi ndi doko, mantha anamugwira atangoona anthu. Ndinamuuza kuti, "Iwe, usawaone anthuwo, uziona ine." Anatembenuka, ndipo sanatembenukenso.

Gulu litatha, anayamba kukonza mafiriji. Ntchitoyo inamuyenera, chifukwa munthu umagwada kuseri kwa firiji, mwini nyumba n'kumalankhula ndi msana wako. Mkazi wake anali atachoka kale, atatopa ndi mwamuna wokhalira maulendo a zoimba, ndipo anapita ndi mwana wawo wamkazi Tamsin ku chilumba cha Tasmania. Errol sanalimbane nazo. Sikuti sankamukonda mwanayo, ankamukonda mpaka kudwala, koma mawu ankamuthera pakhosi. Poyamba ankaimba foni pa Khirisimasi, kenako ankangoigwira foniyo n'kuiikanso pansi. Ankakhala yekha m'kanyumba ka ku Norlane, dera la mumzinda wathu womwewu, chakudya chake chitumbuwa cha nyama cha pasitolo, akudyera choimirira pafupi ndi sinki. Ndikapita kukamuona ndinkabwerako mtima uli zii.

Ndiye chaka chatha Vaughan, woimba wathu, amene tsopano ali ndi dazi ndi chimimba, anatiitana kuti tiyambenso ulendo woimba m'mizinda. Akuti ana a masiku ano atulukira nyimbo zathu, ndipo makolo awo akufuna kukumbuka unyamata.

"Koma tiziimba masana," anatero. "Anthu athu pofika madzulo amakhala atamwa kale mankhwala a mawondo."

"Ndi iwe yemwe," ndinamuyankha. "Ukagwa pa siteji sitikudzutsa, tidzangoti ndi kavinidwe."

Errol sanaseke. Anangofunsa ngati tidzafike ku Launceston, mzinda wa ku Tasmania kumene Tamsin amakhala, ndipo tonse tinadziwa chifukwa chake.

Tili m'sitima yowolokera ku Tasmania anandipeza panja, mphepo ikutimenya. Anaima pambali panga.

"Ndamuimbira Tamsin."

"Ee! Wati chiyani?"

"Wati mwina."

"Mwina ndi zambiri, kwa munthu amene unasiyana naye ali ndi mano a ubwana."

"Glenys, iwe umaona anthu. Ukamuona undiuze."

"Nanga iwe khosi linauma? Ungotembenuka, bambo iwe. Palibe adzakumange."

"Ndidzatembenuka akabwera," anatero. Anandionetsa chithunzi pa foni, mayi wa tsitsi lalifupi, chibwano chake chenicheni cha Errol.

Bala ya ku Launceston inadzaza ndi imvi. Amuna a majekete akuda amene sankatsekekanso pamimba, amayi a nsapato zazikulu za kale, ena atatenga zidzukulu zovala zotseka m'makutu. Panja dzuwa linali phwee, koma mkati anatseka makatani n'kuyatsa magetsi a pa siteji. Tinayamba monga mwa chizolowezi, popanda moni.

Ndinamuona Tamsin tili pakati pa nyimbo yachiwiri. Anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kufika kutsogolo kwenikweni, kumene kuwala kwa siteji kumagwera, ndipo anaima kumbuyo kwa bambo ake, pafupi moti akanatha kuwakoka shati. Anavala chikhoto chobiriwira, manja atapinda pachifuwa. Sankavina.

Ndinagwedeza mutu kwa Errol. Koma wa ng'oma amagwedeza mutu nthawi zonse, ndiye zinangopita pachabe. Ndinakuwa kuti, "Wabwera!" phokoso n'kumeza mawuwo. Kenako ndinamutong'olera maso n'kuloza ndi ndodo, mpaka ndinaphonya kamenyedwe, Vaughan n'kundiyang'ana moipa. Apo Errol anamva. Ndinaona nkhope yake ikusintha, mantha atamubwerera monga tsiku lija m'bala ya ku doko. Zala zinkayenda zokha pa gitala, koma mapazi anali ngati awakhomera pansi.

Nyimbo itatha ndinamuuza, "Tembenuka, chitsiru iwe!"

"Ikatha yotsatirayi," anatero.

Inayo inatha. Inabwera ina. Ndinkamenya ng'oma ndi ukali, ndikumutukwana chamumtima, uku ndikumumvera chisoni chosaneneka. Tamsin ankangoyang'ana shati yakuda yonyowa ndi thukuta. Patapita nthawi anamasula manja aja, napukuta m'maso ndi chala, nabwerera m'mbuyo. Anthu anamutsegulira njira, mdima n'kumumeza.

Errol anatembenuka pa nyimbo yotsiriza. Anatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, chingwe cha gitala chikumukulunga miyendo. Bala yonse inaphulika. Anthu amene anadikira moyo wawo wonse kuti aone nkhope imeneyo anakuwa, kuliza malikhweru, mafoni m'mwamba. Ankaganiza kuti ndi zokonzekera. Iye anaima pamenepo ataphimba maso ndi dzanja, besi itasiya kulira. Munthu amene anakulira pa siteji sankadziwa kuti magetsi aja amathobwa m'maso, kuti kupyola mzere woyamba suona munthu aliyense.

Tsiku limenelo sanatulukire khomo lakuseri. Anatsika n'kulowa pakati pa anthu, akumusisita pamapewa, iye akungoyang'ana uku ndi uku. Anafika mpaka pakhomo, pamene Bev, mkazi wa Vaughan, ankagulitsa masikipa athu. Ine ndinali pambuyo pake.

"Bev, sunaone mayi wa chikhoto chobiriwira?"

"Wapita kale, Errol," anatero Bev mosafuna. "Wagula sikipa."

"Sananene kanthu?"

Bev anandiyang'ana ine kaye, kenako anayankha. "Wati ndikuuze kuti wakuona. Wati sunasinthe, ndi momwe amakukumbukira uli pageti ukupita, gitala ili kumsana."

Errol anagwedeza mutu ngati amuuza kuti firiji yafa injini. Anatuluka panja, naima m'mbali mwa msewu padzuwa, akuphethira. Anaimba foni, sinayankhidwe. Kenako tinakwera galimoto kupita ku Hobart. Titayandikira mzinda Errol anandifunsa motsitsa mawu, "Magetsi aja amakhala choncho nthawi zonse?" Ndinati inde.

Kuyambira ku Hobart mpaka kumapeto kwa ulendo, ku Adelaide, ku Sydney, ku Brisbane, Errol ankaimba atayang'ana anthu. Kuimba kwake kunasokonekera pang'ono, chifukwa anazolowera kutsata manja anga. Okonda gulu akale ena anadandaula kuti tayamba zodzionetsera. Iye analibe nazo ntchito. Ankaima kutsogolo kwenikweni, maso atatsinzina pang'ono, misozi ya magetsi ikutsika, akufufuza mzere woyamba m'mizinda imene Tamsin sakhalako.

Wabwereranso ku mafiriji ake tsopano. Vaughan akuti chaka chamawa tipitenso, ndipo Errol wavomera msanga, bola Launceston ikhalepo. Ine ndikadaganizabe. Sindinamuuze munthu aliyense kuti ulendo wonse uja, ndikadzutsa mutu pa ng'oma zanga kufuna nkhope imene ndinaizolowera kuyambira ndili mtsikana, ndinkangoona shati yakuda yonyowa ndi thukuta.