Mabawuti Anayi Aafupi

Ndinathyola mkono wa m'bale wanga osamukhudza ngakhale ndi chala. Ndinamuthyola ndi mabawuti anayi amene ndinasankha ndekha, ndikudziwa bwino lomwe kuti ngaafupi. Inu owerenga, nkhaniyi ndakhala ndikuilemba n'kumaifufuta m'kope lomwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku. Lero ndaganiza zoitulutsa kuti mwina wina apulumukirepo.

Bambo anga amakonza njinga ndi ngolo pa Chezi. Poti kwathu kulibe mwana wamwamuna, ine ndi amene ndinakulira m'shedi mwawo, ndipo sipanala ndinaidziwa ndisanadziwe kusinja. Ankanditcha "makaniko wanga", dzina lomwe ndinkalikonda kuposa langa lenileni. Kenaka kunabwera Tiyamike, mwana wa mayi anga aang'ono. Makolo ake ndi matenanti pa esiteti ya fodya ku Ntchisi, ndiye anamutumiza kwathu kuti aziphunzira sekondale yoyendera. Tonse tinali Fomu 2, tinkagona mphasa imodzi.

Chaka chimenecho matipate anali atangoyamba, ndipo atsikanafe tinali titaloledwa kuvala mabuluku. Amalume pobwera kuchokera ku Joni anatitengera siketibodi. Limeneli ndi thabwa lokhala ndi matayala anayi ang'onoang'ono kunsi kwake, munthu amakwerapo choimirira. Linali lakale, long'aluka pakati, koma kwa ife linali ngati ndege. Tinkaphunzirira pa kamsewu kakale ka phula kuseri kwa msika. Ine ndinkagwa tsiku lililonse. Tiyamike, amene anali asanaonepo chinthu chotere chibadwire, pakutha pa sabata ziwiri anali akukhota ngati anabadwira pomwepo. Anthu ankasiya malonda kudzamuonerera, ndipo bambo, amene saseka wamba, ankaombera m'manja. Kunyumba nkhani inali ya Tiyamike, kusukulu ya Tiyamike. M'kope langa masiku amenewo mulibe china koma dzina lake, ndipo palibe tsamba lomwe ndinamulemba zabwino.

Anyamata a pamsika anali ndi timagaleta tawo ta mabering'i. Tsiku lina mmodzi anatikuwira kuti, "Inu a mabuluku, Loweruka mubwere kumtsetse waukulu, tidzaone ngati demokalase yanuyo ili ndi mabuleki!" Tinavomera. Bambo atamva anati thabwa long'alukalo silingapirire mtsetse umenewo, choncho anadula lina la mlombwa, lolimba komanso lochindikala kuposa lija. Ndipo anati, "Akwere Tiyamike, mapazi ake ali ndi maso. Iwe makaniko, utimangire matayala."

Mundimvetse bwino apa, inu owerenga. Matayala aja amakhala pa zitsulo ziwiri, china kutsogolo china kumbuyo, zomwe amalume ankazitcha matiraki. Chitsulo chilichonse chimamangidwa kuthabwa ndi mabawuti anayi. Thabwa likachindikala, mabawuti ayeneranso kutalika. Lamulo la bambo ndinkalidziwa ngati pemphero: uike washala, umange nati, kenaka uwerenge mazinga atatu a bawuti otulukira kuseri kwa natiyo. Akapanda kutulukira ndiye kuti sunamange, wangonamizira.

Lachisanu masana bambo anapita kukakonza ngolo kwa Msakambewa, n'kundisiyira chitini chawo cha mabawuti. Aatali oyenera analimo, asanu ndi atatu, ndinawayala pansi. Anayi ndinamangira kumbuyo monga mwa lamulo. Nditafika kutsogolo ndinaima. Ndinamva Tiyamike akuimba uku akutsuka mbale, ndipo mtima wanga unawawa ngati ndameza tsabola. Ndinabweza aatali aja m'chitini, n'kutenga akale a thabwa lopyapyala lija. Manati anangogwira mazinga awiri okha, ndipo mawashala ndinawasiya chifukwa panalibenso malo ake. Pamwamba ndinapakapo girisi wakuda kuti pasaoneke. Sindinkafuna kuti avulale, ndikunena zoona. Ndinkaganiza kuti thabwa liyamba kugwedera poyambira pomwe, iye achita mantha n'kutsika, anthu amuseka pang'ono, kenaka andiitana ine kuti ndikonze. Madzulo ake ndinalemba m'kope kuti, "Mawa adziwe kuti mapazi okha sakwanira."

Loweruka Tiyamike anavala buluku langa, poti analibe lake. Tikukwera mtunda anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Asisi, ndikapambana tikagawana ulemuwo, paja mwamanga ndinu." Ine ndinangoyang'ana kumbali.

Koma Tiyamike sanatsike pathabwa paja monga ndinkaganizira. Ananyamuka bwinobwino, anapitirira anyamata onse, amayi ogulitsa tomato akuimba nthungululu. Atafika pokhota pafupi ndi kalavati, chitsulo chakutsogolo chinazuka. Thabwa linazika mphuno paphula, iye n'kuuluka kukagwera pa simenti ya kalavatiyo. Kulira komwe analira ndimakumvabe mpaka pano. Mkono wamanja unathyoka pawiri, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Apa n'kuti mayeso a JC atatsala sabata ziwiri. Ine ndinalemba mayesowo desiki yake ili pambali panga, yopanda munthu.

Tiyamike atatuluka m'chipatala, bambo ake anabwera kudzamutenga. Ataima pakhomo pathu anati, "Tinakutumizirani mwana wa sukulu, mwatibwezera wa chikhakha." Bambo anga anazyolika, n'kuvomera kuti kulakwa kunali kwawo. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinawasiya asenze mlandu wanga.

Koma mmisiri sanamizidwa ndi chitsulo. Tsiku lotsatira bambo anapita kumtsetse kuja kukafunafuna m'udzu. Pobwera anandipeza ndikulemba, ndipo anaika bawuti imodzi pamwamba pa kope langa.

"Yagwira mazinga angati iyi?"

"Awiri, bambo."

"Aatali anatha m'chitini?"

Ndinangoyang'anitsitsa bawuti ija. Sanandimenye, sanakalipe. Anangoti, "Chitini chija usadzachigwirenso." Kuchokera tsiku limenelo sananditchulenso makaniko. Dzina lomwe ndinkaopa kuti Tiyamike andilanda ndinalitaya ndi manja anga.

Ndinakhoza mayeso, pano ndili Fomu 3. Patchuthi chapitachi ndinalimba mtima n'kupita ku Ntchisi. Ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya, mkono uja suwongoka bwino. Ndinagwada n'kumuuza zonse, za mabawuti, za girisi, ngakhale zomwe ndinalemba m'kope. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma iye anangoti, "Ndinamvatu likugwedera tikungonyamuka. Koma ndinati amanga ndi asisi, silingamasuke."

Mawu amenewo ndi amene amandilepheretsa kudya masiku ena. Chomwe ndinawerengera kuti chimutsitsa pathabwa paja chinalephera chifukwa ankandikhulupirira.

Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindinamukakamize. Koma makope anga a Fomu 2 omwe ndinamutengera anawalandira, n'kuwakulunga m'chitenje kuti asade ndi fodya. Ndinauzanso bambo ake zoona zake, kuti mlandu usakhale pa bambo anga. Ati aganizapo ngati angamubwezerenso kusukulu chaka chamawa, ndipo ine ndimapemphera kuti atero. Malo ake pamphasa sindiikapo kanthu.

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga, nsanje sibwera ikunena kuti tiyeni tipundule munthu. Kwa ine inkangoti achite manyazi pang'ono basi, ndipo ndinaikhulupirira. Koma chinthu ukachimasula susankha pomwe chikazukire. Ngati mnzanu wakuposani ndipo mtima ukukuwawani, kauzeni munthu wamkulu, kapena lirani ndithu, koma musagwire chipangizo chomwe iye akakwerepo. Nenani poyera kuti lero amange wina. Ndipo mukapatsidwa ntchito yomanga chomwe chinyamule mwana wa munthu, kaya ndi njinga, kaya ngolo, kaya thabwa losewerera, yezani bawuti ndi kuchindikala kwa thabwalo, ikani washala, werengani mazinga atatu. Wokwerayo sasuzumira kunsi. Amangoyang'ana nkhope yanu n'kukwera.