Pang'ono Chabe

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinafika ku Kanyama, komboni ina ya mu Lusaka, mvula ya Januwale ili pakati. Ndinachokera kumudzi kwathu ku Katete nditakhoza mayeso a giredi seveni, ndipo mayi anga aang'ono, amake Joyce, anavomera kundisunga kuti ndipitirize sukulu m'tauni. Chimene ndimakumbukira kwambiri masiku oyambawo ndi madzi. Anali m'misewu, pakhomo, ngakhale pansi pa matebulo a kumsika. Anthu ankadumpha pa njerwa zoyalidwa m'matope, nsapato zili kumanja, uku akukalipira ma minibasi amene ankawawaza madzi akuda.

Kwathu bambo anandilera ndi lamulo limene sankalisintha: munthu sadzitchula yekha. Wina akakufunsa ngati umatha kulima, umayankha kuti ukuphunzira. Akakuyamikira, umayang'ana pansi. Kusukulu ya kumudzi ndine ndinkawerengera anzanga mokweza nyuzipepala zakale za Chingerezi zimene aphunzitsi ankabwera nazo kuchokera kuboma, koma zimenezi sindinaziuzepo munthu ndi pakamwa panga.

Sukulu zonse zapafupi zinali zodzaza. Titazungulira mpaka miyendo kuwawa, tinapeza imodzi kumene ba Hedi, mphunzitsi wamkulu, mayi wamfupi wa magalasi, anati patsala malo amodzi m'giredi eyiti. Ofuna malowo tinali awiri. Mnzangayo anali Kelvin, wobadwira mu Kanyama momwemo, wamtali, tsitsi lometedwa mwamakono. Anatiimika pamodzi mu ofesi, ndipo ba Hedi anayamba ndi iye, kumufunsa m'Chingerezi ngati amatha kuwerenga bwino.

Kelvin sanaphethire n'komwe. Anati kusukulu imene anachokera ankakhala nambala wani chaka chilichonse, kuti Chingerezi amachilota ndi kutulo komwe, ndipo pomaliza anandiloza ndi chibwano, n'kunena kuti ana akumudzi sangapikisane naye.

Kenako ba Hedi anatembenukira kwa ine. Funso ndinalimva bwinobwino. Ndinapinda manja kumbuyo, ndinayang'ana matope amene anauma kumapazi anga, ndipo ndinayankha monga anandiphunzitsira bambo: "Pang'ono chabe."

Ba Hedi anavula magalasi, n'kutiuza kuti tibwerenso Lachisanu. Ine ndinatuluka ndili wokhutira kuti ndaonetsa ulemu. Koma titafika kunyumba mayi aang'ono anati, mosakalipa, ngati malowo apita kwa wina ndidzabwerera kumudzi, chifukwa m'komboni mwana wongokhala amaonongeka.

Pafupi ndi nyumba yathu panali thebulo la salaula, zovala zakale zochokera kunja, la bambo wina wa ku Kitwe amene aliyense ankamutchula ba Shi Mwila. Anali munthu waphokoso kuposa wina aliyense amene ndinamuonapo. Tsiku lonse ankakuwa kutamanda malonda ake, ndipo ine, kunena zoona, ndinkamuona ngati munthu wosaleredwa bwino. Mawa lake anandipeza nditakhala pa njerwa pafupi ndi thebulo lake. Nkhani yanga anali ataimva kale kwa mayi aang'ono.

"Iwe Lameki, bwela kuno. Namvela ati ba Hedi banakufunsa ngati uziba kubelenga, iwe ati pang'ono chabe. Ni zoona?"

Ndinavomera.

"Manje uziba pang'ono, olo uziba maningi?"

Ndinati sindinkafuna kudzitama.

Anaseka mpaka kugwira thebulo. "Kuzitama kwa bwanji? Mwaice, mwana iwe, bazungu vinthu ivi banavipatula. Kuli boast, kuli brag, kuli bluff. Iwe wavimanga mtolo umozi, wataya vonse."

Anatola jekete yobiriwira pamulu, n'kuikweza m'mwamba. Anati akauza kasitomala kuti jekete iyi silowa mvula, ndipo n'zoona, imeneyo ndi boast: wanena chabwino chimene ali nacho, ndipo amanyadira. Akawonjeza kuti majekete a Phiri wa thebulo linalo ndi zisanza, ndipo mu Kanyama monse mulibe wofanana naye, imeneyo ndi brag: pakamwa pakula kuposa katundu, ndipo wakwera pamsana pa mnzake kuti aoneke wamtali. Koma akanena kuti kunyumba ali ndi mabelo odzaza chipinda pamene mulu uwu ndi wotsiriza, imeneyo ndi bluff: akuopseza anthu ndi chinthu chimene alibe.

Phiri, amene ankamva zonse ali pathebulo lake, anakuwa kuti, "Vonse vitatu uchita iwe pa tsiku limozi!"

"Nichita, nanga nikane?" anayankha ba Shi Mwila. "Koma niziba ni iti yamene nachita."

Atatero anatunga madzi m'chidebe ndi kapu, n'kuwakhuthulira pa jekete ija pamaso panga. Madzi anatsetsereka n'kugwera pansi. Anandigwiritsa mkati mwake: munali mouma.

"Waona? Boast ungaithile manzi. Izi zinangu zibili, ukathila manzi, zinyowa."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati bambo anga amati munthu sadzitchula yekha. Apa ba Shi Mwila anasiya kuseka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akulankhula motsitsa mawu.

"Batate bako sibananame. Kumunzi ukakhala zii, bantu bakukambilako, chifukwa banakuona ukukula. Manje kuno ni ndani akuziba? Ba Hedi bazalota?"

Masiku otsalawo ndinkayeseza kuseri kwa nyumba, ndikulankhula ndi khoma. Mawu akuti "ndimatha" ndinkawabwereza kambirimbiri monong'ona. Ndinkaona ngati bambo aima kumbuyo kwanga akumvetsera.

Lachisanu tinaimanso mu ofesi muja, ine ndi Kelvin. Ba Hedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati ndili ndi china choti ndinene. Ndinati, m'Chingerezi changa cha ku Katete, ndimatha kuwerenga bwino, ndipo ngati ali ndi buku andipatse aone okha. Za Kelvin sindinanenepo kanthu.

Ba Hedi anatenga nyuzipepala imene inali patebulo, n'kundilozera nkhani ya mitengo ya feteleza. Pofika mzere wachiwiri ndinaiwala kuti ndili mu ofesi. Ndinali ngati ndabwerera kutsogolo kwa anzanga kumudzi. Anandiimitsa ndisanamalize, n'kupereka nyuzipepalayo kwa Kelvin.

Kelvin anaigwira ndi manja awiri. Anawerenga mawu angapo, anakakamira pa liwu lina lalitali, anayambiranso, kenako anatsitsa nyuzipepalayo. Ba Hedi anamufunsa mofatsa kuti anasiya liti sukulu. Anayankha m'Chinyanja, mawu ali pansi, kuti papita zaka ziwiri, kuyambira pamene bambo ake anamwalira, ndipo wakhala akuthandiza amalume ake kukankha wilibala kumsika.

Malo anandipatsa ine. Ndinayembekeza kuti ndisangalala kwambiri, koma potuluka ndinamuona Kelvin ataima pageti, akupukuta nsapato zake ndi udzu, nsapato zimene zinkaoneka kuti anabwereka chifukwa zinali zazikulu. Iye ndiye anayamba: "Iwe wakumunzi, ubelenga monga wa pa wailesi." Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti pang'ono chabe. M'malo mwake ndinati zikomo.

Ba Hedi anamulembetsa Kelvin m'kalasi ya masana ya ana obwerera kusukulu, ndipo kwa zaka zingapo tinkakumana pageti, ine ndikutuluka iye akulowa. Ankanditchula kuti Wailesi, ine ndinkamutchula kuti Nambala Wani, ndipo palibe amene ankakwiya.

Lero ndikaganiza za tsiku loyamba lija mu ofesi, ndimaona anyamata awiri amantha, aliyense atabisala kuseri kwa zimene anaphunzira kwawo. Kelvin komboni inamuphunzitsa kuti wolankhula motsitsa amapondedwa, choncho anakuza mawu. Ine mudzi unandiphunzitsa kuti wodzitchula amanyozeka, choncho ndinadzichepetsa mpaka kutsala pang'ono kusowa. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti wonama tsiku limenelo anali iye yekha. Koma ba Hedi anafunsa funso lolunjika, ndipo tonse awiri sitinawauze zoona. Manyazi sanandichoke mpaka pano, ndipo lamulo la bambo ndimalisungabe pamene pali anthu ondidziwa. Koma munthu wosandidziwa akandifunsa ngati ndimatha chinthu, ndimayamba ndadzifunsa ngati yankho langa lingathiridwe madzi. Ngati lingathiridwe, ndimakweza maso n'kulinena.