Makapisozi Amene Ndinkawagulira Ababa

Ababa anakalamba akuwamba nsomba. Uvuni wawo unali kuseri kwa nyumba yathu ku Monkey Bay, ndipo utsi unawalowerera moti ngakhale malaya ochapa kumene ankanunkha mlamba. Ankasutanso chingambwe chimene msuweni wawo ankawatumizira kuchokera ku Namwera. Atayamba kutsokomola, palibe amene anadabwa.

Ine ndimaphunzitsa kupulaimale, ndiye kwathu amanditenga ngati wodziwa zinthu. Chifuwa chikawathina, ndinkathamangira kugolosale kukagula makapisozi opha tizilombo, aja a mitundu iwiri. Ankamwa masiku atatu n'kusiya, chifuwa chikabwerera ndinkagulanso ena. Tinachita zimenezi pafupifupi chaka chathunthu. Kuchipatala anawayeza makhololo kawiri, TB sinapezeke. Atawajambula pachifuwa anaona chotupa m'mapapo, ndipo kuyeza kwina kunatsimikiza kuti ndi khansa.

Achimwene anga aakulu anakhazikika ku Joni kalekale. Iwo ndi amene anakonza zoti ababa akalandire chithandizo kumeneko. Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kuwaperekeza pabasi.

Dokotala wake anali mayi wolankhula modekha. Ankalankhula Chingerezi, ine n'kumamasulira ababa. Anati mankhwalawo adzalowa kudzera m'diripi pakatha milungu itatu iliyonse. Anati sapha khansa okha, koma amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chizindikire chotupacho n'kulimbana nacho. Kenako anafunsa ngati ababa anamwako mankhwala opha tizilombo m'miyezi yapitayo.

Ndinavomera monyadira. Ndinatulutsanso m'chikwama makapisozi amene ndinatenga kuti ndiziwamwetsa panjira.

Dokotala anawalandira, n'kuwaika m'dirowa. Anandifotokozera kuti m'matumbo mwa munthu aliyense muli tizilombo tambirimbiri tabwino, timene timathandizana ndi chitetezo cha m'thupi. Makapisozi aja sasankha, amapha toipa ndi tabwino tomwe. Anati zikuoneka kuti odwala amene tizilombo tawo tabwino tachepa, mankhwala a diripiwa sawagwira bwino ngati anzawo.

"Akuti chiyani?" ababa anandifunsa.

"Akuti m'mimba mwanu muli tizilombo."

"Njoka za m'mimba? Pa msinkhu wanga uno?"

"Ayi ababa, tina tabwino, tokuthandizani. Koma makapisozi aja ankapha timeneto."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye aphunzitsi munkamenya alonda, wakuba ali phee m'nyumba?"

Sananene mokwiya, koma ndinatuluka kukalira pakhonde. Dokotala ananditsatira. Anati zimenezi madokotala akuziphunzirabe, ndipo palibe anganene motsimikiza za munthu mmodzi. Chachikulu n'chakuti ababa asamwenso makapisozi pokhapokha dokotala atalemba, ndipo azidya nyemba, masamba, zipatso ndi mgaiwa.

Pamenepo ndiye panali ntchito. Ababa anali munthu wa kunyanja, ndiwo zopanda nsomba ankati si ndiwo. Alamu anga, akazi a achimwene, ankaphika nyemba ndi nkhwani tsiku ndi tsiku, n'kumawonjezera chambiko. Ababa ankayamba akankhira mbale kutali, kenako n'kuikoka. "Bismillah. Tiyeni tidyetse ziweto zathu," ankatero.

Ine ndinabwerera kusukulu patatha mwezi. Nkhani ndinkazimvera pafoni. Atawajambulanso, chotupa chinali chitachepa pang'ono, ndipo ankatha kuyenda mpaka pamsewu osapumira. Kenako thupi linayamba kuyabwa, m'mimba n'kumatsegula, diripi anaiimitsa kaye. Poyambiranso, chotupa chinali chitakulanso. Ababa anauza achimwene kuti zakwana, akufuna kwawo.

Anakhala nafe dzinja lonse. Lachisanu lililonse ankakwera kabaza kupita kumzikiti, ndipo masiku ena ankakhala pampando n'kumadzudzula anzawo kuti akuwamba utaka ndi moto wochuluka. Anamwalira m'mawa wina chimanga chitayamba kucha, ndipo tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Mpaka lero sindidziwa ngati diripi ija ikanagwira bwino ndikanapanda kuwagulira makapisozi. Achimwene anafika patatha masiku atatu, maliro atatha kale. Titakhala awiri ndinayamba kuwauza zimene zinkandivuta mumtima. Anandidula mawu.

"Achemwali, inu munalipo pamene ankatsokomola. Ine ndinali kuti?"

Kenako anandipempha kuti ndikawaonetse manda.