Tsiku Limene Kompyuta Inalepheretsa Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene kusukulu kwathu ku Mtakataka kunabwera makompyuta asanu akale, oyendera sola. Aphunzitsi athu a masamu, Mayi Nachisale, ankatiphunzitsa kulemba mapulogalamu Lachitatu masana, m'kalasi yotentha ngati uvuni wa njerwa. Ine ndinapanga pulogalamu yofunsa masamu n'kuchonga yokha mayankho. Anandilonjeza kuti ikayenda bwino pa tsiku la makolo, ndidzapita nayo kumpikisano ku Lilongwe.

Tsikulo ababa anapalasa njinga kuchokera ku Mua, kumene ankaphunzitsa masamu sitandade 8. Anakhala pakompyuta kuti ayese pulogalamu yanga, malaya atanyowa ndi thukuta, makolo ena atawazungulira. Mafunso atatu oyamba anakhoza. Lachinayi linali 0.1 kuphatikiza 0.2. Analemba 0.3 ndi chala chimodzi, koma kompyuta inayankha ndi zilembo zofiira kuti alakwa.

Anthu anafa nazo kuseka. Ababa anavula magalasi, kuwapukuta, n'kulembanso. Zomwezo.

"Mwanangu," anatero akumwetulira, "kodi unkandisungira chakukhosi?"

Ine misozi inali italengeza kale, ulendo wa ku Lilongwe ndikuuona ukundipulumuka. Mayi Nachisale sanandikalipire. Anangoti ndiiuze kompyutayo ionetse yankho lake. Panatuluka 0.30000000000000004.

Anatifotokozera tonse kuti kompyuta imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Kwa iyo, 0.1 ali ngati 1 kugawa ndi 3 kwa ife: manambala satha, ndiye imangodulira penapake. Kanyenyeswa kotsalako ndi kamene kanagwetsa ababa.

"Usamaifunse ngati manambala awiriwo akufanana ndendende," anandiuza. "Uziifunsa ngati ayandikana mokwanira."

Ndinasintha mzere umodzi wokha wa pulogalamuyo. Ababa analembanso 0.3, ndipo ulendo uno anakhoza. Anaimirira n'kuweramira anthu ngati phungu wopambana chisankho. Mwezi wotsatira ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe.

Lero kulemba mapulogalamu ndiyo ntchito yanga, ndiponso ndili ndi ana awiri. Makina akamukanira munthu, kapena ine ndikafuna kuweruza mwana kuti walakwa, ndimayamba ndaima kaye. Ndinaphunzira kuti nthawi zina woyankha amakhala atalondola, wolakwa n'kukhala ine amene ndinafunsa molakwika.